Korali akayamba kufooka: kukonza madzi, kuviika m'mankhwala kapena kudula?

Aliyense amene amasunga makorali, nyama zam'nyanja zimene zimamera pamalo amodzi ngati zomera, m'thanki la madzi amchere amafika pa tsiku limene korali wina wasiya kutambasuka monga mwa masiku onse, ndipo akafunsa anzake amalandira malangizo atatu osiyana. Ena amati amusiye pomwepo n'kuyeza madzi, ena amati amuviike m'mankhwala msanga, pamene ena amati adule mbali imene ikadali yabwino asanataye zonse. Njira zitatuzi zimagwira ntchito, koma iliyonse ili ndi vuto lake limene imathetsa, ndipo ikagwiritsidwa ntchito pa vuto losayenera imangofulumizitsa imfa ya koraliyo.

Musanasankhe, yang'anitsitsani koraliyo ndi kuwala koyera, chifukwa magetsi abuluu amabisa zambiri. Korali amene wayera koma mnofu wake ukadali pa chigoba, timanja take tikugwedezekabe ngakhale tikuoneka ngati madzi, sanafe. Wangotaya tindere totchedwa zooxanthellae, timene timakhala m'thupi mwake ndi kumupangira gawo lalikulu la chakudya kuchokera ku kuwala. Koma mukaona chigoba choyera mbee chopanda mnofu, malire a mnofuwo akusuntha, dziwani kuti thupi lenilenilo likutha. Mujambuleni ndi foni tsiku lililonse muli pa malo amodzimodzi, popeza liwiro la malirewo ndi limene lidzakuuzani njira yoti mutenge.

Njira ya madzi ndiyo imene ndimaika patsogolo, chifukwa makorali ambiri amafooka ndi zimene zasintha m'thanki, osati ndi tizilombo. Mchere uyenera kukhala pa 1.025 kapena 1.026 pa muyeso wa kulemera kwa madzi, ndipo refractometer yanu, chida choyezera mchere, muziyamba mwaiyesa ndi madzi oyesera a 35 ppt (magawo 35 a mchere pa 1,000), popeza chida chonama chimasocheretsa mwini wake kwa miyezi. Kutentha kukhale pakati pa madigiri 24 ndi 26, alkalinity (mphamvu ya madzi yolimbana ndi asidi) pakati pa 7 ndi 9 pa muyeso wa dKH, calcium pakati pa 400 ndi 450 ppm (magawo pa miliyoni), ndipo magnesium ikhale pafupi ndi 1300 ppm. Pa zonsezi, alkalinity ndiyo imavulaza mwakachetechete: makorali a nthambi otchedwa Acropora amapirira 7 kapena 9 ngati nambalayo yakhazikika, koma amayamba kusupuka kumunsi kapena kupsa kunsonga ikamakwera ndi kutsika. N'chifukwa chake kukonza kuyenera kukhala kwa pang'onopang'ono, osapitirira 1 dKH pa tsiku, ndipo theka la pamenepo ndi labwino koposa. Anthu ambiri amadabwanso kumva kuti madzi oyera mopitirira muyeso amagoneka korali ndi njala. Nitrate ndi phosphate, zakudya za tindere zochokera ku zinyalala za m'thanki, zikafika pa ziro mtundu umafwifwa, choncho ndi bwino kusiya nitrate ya pakati pa 2 ndi 10 ppm ndi phosphate ya pakati pa 0.03 ndi 0.1.

Kuwala kuli m'gulu lomweli. Ngati mwangoika magetsi atsopano a LED, kapena mwathira kaboni (makala osefera madzi) watsopano amene wayeretsa madzi mwadzidzidzi, korali amalandira kuwala kumene sanakuzolowere. Mutsitseni pa mchenga pamene pali kamthunzi ndi madzi oyenda mofatsa, ndipo muzimudyetsa tinkhanu ta mysis kapena chakudya cha ufa madzulo mpaka tindere titabwerera. Kwa amene tikukhala ku Lilongwe, Lusaka kapena Johannesburg pali nkhani ina yosafunika kuiiwala, ndiyo kuthima kwa magetsi: mapampu akaima kwa maola angapo mpweya umachepa m'madzi, ndipo pampu yaing'ono ya mpweya yoyendera mabatire imapulumutsa zambiri kuposa botolo lililonse la mankhwala. M'nyengo yotentha ya Okutobala, fani yopemerera pamwamba pa madzi imatsitsa kutentha, koma madzi amauma msanga, choncho muziwonjezera madzi opanda mchere osefedwa ndi makina a RO (reverse osmosis) kuti mcherewo usakwere.

Ubwino wa njira imeneyi ndi wakuti imachiza gwero la vuto ndipo imathandiza thanki lonse. Kuipa kwake ndi nthawi, pakuti korali woyera amatenga milungu yambiri, nthawi zina miyezi, kuti mtundu wake ubwerere, ndipo ngati mnofu ukusupuka mukuona, kudikira kuli chimodzimodzi kumutaya.

Kuviika m'mankhwala ndiko kumene anthu amathamangira, mwina chifukwa mtima umakhala pansi munthu akaona kuti wachitapo kanthu. Koma ntchito yake ili ngati ya dibi la ng'ombe, limene limapha nkhupakupa koma silinenepetsa ng'ombe yosowa msipu. Mankhwala a Coral Rx ndi ReVive amagwetsa tizilombo tokhala pa khungu, pamene mankhwala a ayodini monga Lugol's ndi Seachem Reef Dip amathandiza kwambiri pa mabala. Onsewa amathiridwa m'kabeseni kapadera ka madzi otunga m'thanki, osati m'thanki mwenimwenimo. Sankhani kabeseni koyera kuti muone zimene zikugwa, tsatirani muyeso ndi nthawi zolembedwa pa botolo, pemererani koraliyo ndi sirinji, kenako mutsukeni m'kabeseni kachiwiri musanamubwezere. Ngati pansi pa kabeseni pagwa tinyongolotsi taphanthiphanthi, ndipo pa nthambi za Acropora pali timadontho toyera tozungulira pamene tadya, mwapeza mdani. Chimodzimodzi ndi tinkhono toyera topanda chigoba timene timabisala kunsi kwa makorali otchedwa Montipora. Vuto ndi lakuti mankhwalawa sapha mazira, amene amamatirira m'timagulu pa chigoba chakufa cha kumunsi. Mazirawo amafunika kuwapala kapena kudula mbali imene ali, ndipo kuviika kumabwerezedwa sabata iliyonse kwa milungu isanu kapena isanu ndi umodzi. Kabeseni kakatuluka kopanda kanthu musabwerezenso, chifukwa kuviika kulikonse kumatopetsa korali, ndipo amene wafooka kale ndi kuwala kapena alkalinity akhoza kutsirizika nako.

Kudula kumaoneka ngati nkhanza, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake munthu amazengereza kuika chodulira pa korali amene wamulera kwa zaka. Komabe pa matenda othamanga palibe njira ina yofanana nako. Matenda amene osunga makorali amawatcha RTN, kutanthauza kufa kwa mnofu kothamanga, amatha kuvula mnofu wa Acropora yense m'tsiku limodzi kapena awiri, ndipo mankhwala oviikira sawaimitsa kawirikawiri. Dulani nthambi pa mnofu wabwino, sentimita imodzi kapena iwiri kutali ndi malire a matendawo, muzimate pa timiyala ndi guluu wokhuthala wa cyanoacrylate, ndipo muziike malo osiyanasiyana kuti zina zikalephera zina zipulumuke. Pa makorali a nthambi otchedwa hammer ndi torch ntchitoyi ndi yosavuta, popeza mumadula pa chigoba chopanda mnofu kunsi kwa mutu. Mitundu imeneyi ndi imenenso imagwidwa ndi matenda a utoto wabulauni wonanda, wonunkha zowola, umene umatha mutu wonse usiku umodzi n'kulumphira kwa oyandikana nawo. Pamenepa kudula ndi kuviika zimayendera limodzi: zimitsani mapampu kuti utotowo usamwazike, uyamweni ndi kapaipi, tulutsani korali, tayani mutu wodwala, ndipo mitu yotsala muiviike mu ayodini. Kudula kumalephera pa makorali a chigoba chimodzi chokutidwa ndi mnofu wambiri, monga Trachyphyllia ndi hammer wa khoma, chifukwa chodulira chimadutsa pa mnofu n'kusiya bala lalikulu pa nyama yodwala kale. Ndipo pogwira makorali ofewa otchedwa Palythoa ndi ma zoanthid valani magolovesi ndi magalasi oteteza maso, popeza ena ali ndi poizoni woopsa wotchedwa palytoxin, ndipo mwala umene anamerapo musauwiritse kapena kuuthira madzi otentha.

Mukaziika pamodzi, kukonza madzi kumachedwa koma sikuvulaza ngati mukuchita mofatsa, kudula kumapulumutsa mbewu koma kumawononga maonekedwe a korali, pamene kuviika kuli ndi phindu pokhapokha mdani kapena bala likuoneka. Ngakhale mwadula, muyezebe madzi tsiku lomwelo, chifukwa tizidutswa tobwezeredwa m'madzi amene anadwalitsa kholo lake timasupukanso. Mukatimata musamatisunthe kwa milungu iwiri, ndipo mudzadziwa kuti tagwira pamene mnofu watsopano wayamba kuyanga pa guluu ndi kutsikira pa kamwala.