Patha chaka tili ndi kampani yotithandiza kuthetsa kusalana pa ntchito, ndipo bilu yachiwiri yafika

Bilu ya chaka chachiwiri yafika sabata yatha, ndipo yakwera. Tsiku lomwelo mnzanga wina amene amayang'anira ofesi yonga yathu anandiimbira foni kufunsa ngati ndikuiyamikirabe kampani ija. Anati anawerenga zimene ndinalemba zoyamikira kampaniyo titangotha mwezi umodzi, ndipo abwana ake akufuna kusaina. Ndinamupempha kuti adikire kaye ndilembenso, chifukwa zimene ndinalemba nthawi ija zinali zoona, koma zinali za mwezi umodzi basi.

Ofesi yathu ili ndi anthu 31 m'madipatimenti 5. Tinasaina mgwirizano wa chaka chimodzi ndi kampani ina imene imathandiza malo antchito kuti asamasale munthu chifukwa choti ndi mkazi, ndi waulumali, ndi wachikulire, kapena chifukwa cha mtundu ndi chipembedzo chake. Anatigulitsa zinthu zisanu pamodzi: maphunziro a masiku 4, mafomu ogwiritsa ntchito polemba anthu ntchito, mlangizi woti tizimuimbira, pulogalamu yolemba pa sikirini zimene anthu akuyankhula pamsonkhano, ndi kafukufuku wa miyezi 3 iliyonse amene ogwira ntchito amayankha osatchula dzina.

Mafomu aja ndi abwino. Aliyense wofuna ntchito timamufunsa mafunso ofanana, ndipo wofunsa aliyense amalemba malikisi ake tisanayambe kukambirana. Mlangizi nayenso amayankha foni. Ndi iye anatiphunzitsa kusiya kutumizirana makalata ojambulidwa ngati chithunzi, chifukwa pulogalamu ya NVDA yowerenga mokweza mawu a pa kompyuta, imene mnzathu wa vuto la maso amagwiritsa ntchito, siwerenga chithunzi ngati mmene imawerengera mawu otaipa. Ndi iyenso anatisonyeza kuti pangano la United Nations la mu 2006 lokhudza ufulu wa anthu aulumali limati kukana kusintha zinthu zimene zingatheke kusinthidwa kuti munthu agwire ntchito bwino, nakonso ndi kusala. Mfundo imeneyi inatithandiza kwambiri pokambirana za bajeti.

Maphunziro anali osangalatsa pa masiku akewo, anthu analemba zambiri m'makope, koma patatha miyezi iwiri sindinaone chimene chinatsalira. Pambuyo pake ndinawerenga zimene Frank Dobbin ndi Alexandra Kalev analemba mu Harvard Business Review mu 2016. Iwo anafufuza makampani oposa 800 a ku America ndipo anapeza kuti maphunziro okakamiza sawonjezera kwenikweni chiwerengero cha akazi ndi anthu a mitundu yosalidwa pa maudindo, nthawi zina amachichepetsa kumene. Zimene zinkathandiza ndi kupatsa wantchito munthu womulangiza pa ntchito yake, komanso kukhala ndi kagulu koyang'anira nkhaniyi nthawi zonse. Wotigulitsa sanatchuleko zimenezi.

Chimene chandibwezera kudzalemba ndi kafukufuku uja.

Tsiku loyamba, woimira kampaniyo anaima pamaso pa tonse n'kunena kuti palibe amene adzadziwe kuti wakuti walemba zakuti, ngakhale ineyo. Ine ndinabwereza mawu omwewo, n'kuwonjezera kuti aliyense alembe zakukhosi. Anthu 27 mwa 31 anayankha, ndipo ndinasangalala kwambiri.

Zotsatira zimaoneka pa tsamba la pa intaneti, ndipo mkulu wa dipatimenti iliyonse anapatsidwa pasiwedi kuti aziona za anthu ake. Patsambapo pali timabatani tosankhira mayankho: a amuna okha, a akazi okha, a zaka zakutizakuti, a anthu aulumali. Mayina palibedi. Koma dipatimenti yathu yokonza makina ili ndi anthu 7, ndipo mkazi alimo mmodzi yekha. Mkulu wa dipatimentiyo atadina pa "akazi", panatuluka yankho limodzi.

Mayiwo anali atalemba kuti chibwerereni ku tchuthi cha uchembere sanatumidwepo ku ntchito zakunja kwa ofesi. Ntchito zimenezi zimakhala ndi alawansi, ndiponso ndi zimene timayang'ana tikafuna kukweza munthu. Analemba kuti palibe amene anawafunsa ngati angathe kuyenda kapena ayi, anthu anangowaganizira. Analembanso kuti akamaweruka pa nthawi yake kuti akaone mwana, anzawo amawanena kuti ndi "a theka la tsiku", ndipo iwo amaseka nawo chifukwa chosowa chochita.

Mkulu wa dipatimentiyo si munthu wankhanza, ndamudziwa zaka zambiri. Mumtima mwake ankaona ngati akuwachitira chifundo powasiya pa ofesi. Mawa lake, anthu onse a m'dipatimenti ali pomwepo, anati: "Mayi, bwenzi mutangondiuza ine. Ndimayesa ndikukuthandizani chifukwa cha mwana." Iye ankati akupepesa, koma onse anadziwa nthawi yomweyo kuti mayiwo adandaula, ndipo amene ankanena za theka la tsiku aja anadziwanso kuti atchulidwa. Sabata yonse palibe amene ankawayankhula kupatula pa za ntchito.

Mayiwo anabwera ku ofesi kwanga Lachisanu, anatseka chitseko, ndipo anakana kukhala pansi. "Bwana, munatiuza kuti palibe adzadziwe. Ine sindinakhulupirire kompyuta ayi, ndinakhulupirira inuyo." Ndinasowa chowayankha. Ndinapepesa, koma kupepesa kwanga sikukanabweza zimene zinali zitamveka kale.

Nditafufuza ndinapeza kuti vutoli ndi lodziwika kwa onse ochita kafukufuku wotere, ndipo njira yake ndi yosavuta: gulu likakhala laling'ono, nthawi zambiri lochepera anthu 5, pulogalamu siyenera kuonetsa mayankho ake. Ine sindinafunse za zimenezi tisanasaine. Safunsa anadya phula, mbali imeneyo ndi yanga ndipo ndaivomera. Koma amene amagulitsa lonjezo losunga chinsinsi ndi a kampaniyo, ndipo ankadziwa kukula kwa ofesi yathu chifukwa mtengo anawerengera pa chiwerengero cha anthu.

Nditawalembera imelo, yankho linabwera patatha masiku 4. Anati pulogalamu ikugwira ntchito monga inapangidwira, ndipo kubisa magulu ang'onoang'ono kulipo koma kuli mu mgwirizano wokwererapo mtengo. Ndinawerenga imeloyo katatu. Kampani yophunzitsa anthu kuti asasalane inali itaika chitetezo cha wodandaula pa mtengo wapadera. Ndinawakumbutsa kuti pangano nambala 190 la International Labour Organization, la mu 2019, lokhudza nkhanza ndi kuzunzana pa ntchito, limanena kuti wodandaula azitetezedwa kuti asabwezeredwe choipa ndipo chinsinsi chake chizisungidwa, komanso kuti pangano limeneli anatiphunzitsa ndi iwo omwe pa tsiku lachitatu la maphunziro. Patatha milungu 3 anavomera kutitsegulira kubisako kwaulere, koma anatsindika kuti akungotikomera mtima.

Ndikanakhululuka zikanathera pomwepo. M'mwezi wa 8 anakonzanso pulogalamu yawo, ndipo kubisa kuja kunazimitsidwa popanda wotiuza. Nthawi imeneyi ndinali nditalanda kale mapasiwedi kwa akuluakulu a madipatimenti, moti amene anaona ndine ndekha. Ndinadina pa "aulumali" pofuna kuyesa ngati zili bwino, panatuluka mayankho awiri, ndipo ndisanatseke tsambalo ndinali nditadziwa kale mwini wa lililonse. Usiku umenewo ndinalimbana ndi maganizo oti ndingokhala chete, popeza palibe wina anaona. Mawa lake ndinawaitana awiriwo n'kuwauza, kenako ndinauza ofesi yonse. Kampaniyo inati ndi vuto laling'ono la makina ndipo analikonza tsiku lomwelo. Mawu oti pepani sanalembe.

Oyankha kafukufuku anayamba 27, kenako 19, kenako 14, ndipo womaliza anayankha anthu 11. Malikisi ndiye ankangokwera. Pa funso loti "kodi mumamva kuti mumalemekezedwa pa ntchito" pafupifupi onse 11 anati inde. Pamodzi ndi bilu ija anatitumizira lipoti lokongola lotiyamikira kuti ofesi yathu yapita patsogolo kwambiri. Apa mpamene mtima unandipweteka, chifukwa ndikudziwa amene anasiya kuyankha: ndi omwe aja anali ndi chonena. Amy Edmondson wa ku Harvard, amene anafufuza kwambiri za kumasuka kuyankhula pa ntchito, anapeza m'zipatala kuti magulu ogwirizana bwino ndi amene ankaulula zolakwa zambiri, chifukwa anthu ake sankaopa kunena. Kwa ife madandaulo atha chifukwa anthu ayamba kuopa, ndipo wotigulitsa akuwerengera mantha amenewo ngati umboni woti tilipirenso.

Nkhani ya mayi aja inakonzeka, koma osati ndi pulogalamu. Tinakhala pansi atatu, ine, iwo ndi mkulu wa dipatimenti. Tinagwirizana kuti ndandanda ya ntchito zakunja izilembedwa poyera, aliyense azifunsidwa, ndipo wokana azikana yekha. Panopa amayenda ngati wina aliyense. Kafukufuku ndiye sanayankhenso, ndipo sindinawapemphe.

Ndikamalemba chonchi zikuoneka ngati palibe chabwino, koma Lolemba lililonse m'mawa, tikakhala pamsonkhano, maganizo anga amasintha. Pulogalamu yolemba mawu pa sikirini tinaitengera mnzathu wina amene anasiya kumva ali wamkulu kale. Si yangwiro ayi. Mayina imalakwitsa, tikasakaniza zinenero imalemba zopanda mutu, ndipo kwa munthu amene anakula ndi chinenero chamanja singalowe m'malo mwa womasulira. Chofooka chake chachikulu n'chakuti anthu awiri akayankhula pakamodzi imasokonezekeratu. Chifukwa cha chimenechi tinakakamizika kuika lamulo: aziyankhula mmodzi, wofuna kulowapo akweze dzanja, ndipo mfundo za msonkhano zizitumizidwa dzulo lake.

Lamulo limeneli tinaikira munthu mmodzi, koma lasintha misonkhano ya tonse. Kale ankayankhula anthu anayi kapena asanu omwewo, a mawu amphamvu, enawo n'kumangomvera. Tsopano sungamudule mnzako mawu popanda sikirini kukuonetsa poyera kuti wasokoneza. Mtsikana wina wa ku akaunti, amene kwa zaka ziwiri sindinamumvepo pamsonkhano, ndi amene anatiuza kuti makasitomala ena tinkawatumizira bilu kawiri. Anati ankadziwa kalekale koma sankapeza polowera. Mnzathu wosamva uja anandiuza tsiku lina tikutuluka kuti: "Zaka 6 ndakhala ndikungogwedeza mutu m'chipinda muno." World Health Organization imati anthu pafupifupi 430 miliyoni ali ndi vuto lalikulu la kumva, ndipo ndimadzifunsa kuti ndi angati amene akugwedeza mutu chonchi m'maofesi mwawo. Ndikaona iye akutsutsa mfundo yanga pamaso pa onse, ndimamva ngati ndalama zonse zija zinapita pabwino.

Ndikayang'ananso bilu, maganizowo amabwerera. Yakwera ndi 20 peresenti. Pafupifupi theka la mtengo ndi la kafukufuku, ndipo pulogalamu ya pa sikirini ndi imene ili yotsika mtengo pa zonse. Ndinapempha kuti titsale ndi pulogalamuyo ndi mlangizi, zinazo achotse. Anakana, ati zimagulitsidwa pamodzi. Anandikumbutsanso ndime ya mu mgwirizano yoti ngati sitinakane kutatsala masiku 60, chaka chachiwiri chimayamba chokha. Masiku 60 amenewo anadutsa ife tikudikira lipoti lawo, limene linabwera limodzi ndi bilu. Chimene chikundilimbitsa mtima n'chakuti Zoom, Google Meet ndi Microsoft Teams nazonso zimatha kulemba mawu pa sikirini, ndipo lamulo loyankhula mmodzimmodzi ndi lathu kale.

Ndinawalembera kalata yotchula masiku onse awiri amene chinsinsi chinaululika, n'kupempha zinthu zitatu: athetse chaka chachiwiri popanda chindapusa, alembe kalata yopepesa kwa ogwira ntchito athu, ndipo afufute mayankho onse a anthu athu m'makompyuta awo n'kutitsimikizira polemba. Poyamba anati atipatsa miyezi 3 yaulere. Nditakana, anavomera choyambacho. Za ziwiri zinazo anati akufunsa kwa akuluakulu awo.

Mnzanga uja ndamuuza kuti akhoza kutenga mlangizi ndi mafomu ngati angamugulitse pazokha. Kafukufuku asasaine mpaka atamulembera mu mgwirizano chiwerengero chochepetsetsa cha anthu chimene pulogalamu ingaonetse mayankho awo, amene ali ndi mphamvu yoona zotsatira, ndi chimene chidzachitike chinsinsi chikaululika. Asanalonjeze anthu ake chilichonse, alowe yekha patsambalo n'kudina mabatani onse, makamaka pa dipatimenti yake yaing'ono kwambiri. Tsiku lomaliza kukana chaka chachiwiri alilembe pa kalendala tsiku lomwe asaine.

Ine bilu sindilipira. Lero ndi tsiku la 6 chitumizireni kalata ija, ndipo mayankho a mayi aja akadali m'makompyuta a kampaniyo. Dzulo anandifunsa ngati afufutidwa, ndinawauza kuti sanafufutidwe, ndipo Lolemba ndiimbanso foni.