Maphunziro a Alenje ku Texas: M'kalasi Kapena pa Intaneti?

Ku Texas, m'dziko la America, wobadwa pa 2 Seputembala 1971 kapena pambuyo pake ayenera kuchita maphunziro a chitetezo asanayambe kusaka yekha.

M'kalasi mumakhala maola 6 ndipo mumalipira madola 15. Ubwino wake ndi woti mlangizi amakuonetsani maso ndi maso kagwiridwe ka mfuti, monga kuchotsa zipolopolo musanadumphe mpanda, ndipo mukalakwitsa amakuwongolerani pomwepo.

Pa intaneti mumaphunzira pa nthawi imene mwafuna, koma mtengo umadalira kampani, ndipo wosakwana zaka 17 amafunikabe kukaphunzira tsiku lina pamaso pa mlangizi.

Intaneti ikuyenera wamkulu wotanganidwa amene anazolowera kale mfuti. Amene sanaigwirepo, ngakhale atakhala wamkulu, angachite bwino kusankha kalasi.