Founders Online: makalata aulere a amene anayambitsa dziko la America, ndi mmene kagulu kowerenga kangawagwiritsire ntchito

Ku America, m'malaibulale a m'matauni, m'matchalitchi ndi m'makalasi a anthu opuma pa ntchito monga a Osher Lifelong Learning Institute, muli timagulu ta akuluakulu timene timakumana n'kumawerenga mbiri ya mmene dziko lawo linayambira. Tambiri timayamba ndi chibuku chimodzi cha katswiri, ndipo pakapita miyezi ingapo mipando imayamba kukhala yopanda anthu. Vuto lake n'lakuti buku lotero limakhala litaweruza kale nkhani yonse. Anthu amangotsala ndi kunena kuti wolembayo amukonda kapena ayi, basi nkhani yatha.

Founders Online imachiza nthenda imeneyi, ngakhale ili ndi zake. Ndi webusaiti ya National Archives, nthambi yosunga zolemba zakale za boma la America, yomwe inatsegulidwa mu 2013 mogwirizana ndi University of Virginia Press. Muli zolemba zoposa 180,000 za George Washington, Benjamin Franklin, John Adams ndi banja lake, Thomas Jefferson, Alexander Hamilton, James Madison ndi John Jay, kuphatikizapo makalata amene anthu ena ankawalembera. Simulipira, simulembetsa dzina. Masamba ake ndi a mawu okhaokha, kotero amatseguka msanga ngakhale pa foni, ndipo sadya bando.

Chimene chimaisiyanitsa ndi malo ena ongotola mawu otchuka a anthuwa ndi mawu a m'munsi amene akonzi anaika pansi pa kalata iliyonse. Tengani kalata ya Adams ya pa 1 January 1812, yoyamba kupita kwa Jefferson patatha zaka pafupifupi 11 asakulemberana. Ndi yaifupi, yochenjera, ya munthu amene akuyesa madzi ndi chala. Adams akuti watumiza zidutswa ziwiri za nsalu yoluka pakhomo. Kalata inafika phukusi lisanafike, ndiye Jefferson, poyankha pa 21 January, anayamba n'kufotokoza mwakhama za mmene mabanja a ku Virginia amalukira nsalu zawo. Kenako phukusi linafika: munali mabuku awiri olembedwa ndi mwana wa Adams, John Quincy Adams. Munthu wowerenga kalata yokhayo popanda mawu a m'munsi aphonya nthabwala yonseyo, ndipo ndi nthabwala imeneyi imene inasungunula mkwiyo wa zaka zambiri.

Kagulu koyamba kumene kasayambe ndi malamulo oyendetsera dziko a 1787, ngakhale aliyense amafuna kuyambira pamenepo. Kayambe ndi anthu awiriwa, Adams ndi Jefferson. Anagwirira limodzi ntchito yolengeza ufulu wodzilamulira mu 1776, anakhala akazembe ku Ulaya nthawi imodzi, kenako ndale zinawagawa. Jefferson anagonjetsa Adams pa chisankho cha 1800, ndipo Adams anachoka mu Washington m'bandakucha wa pa 4 March 1801 osadikira kuona mnzake akulumbirira udindo. Amene anawayanjanitsa anali mnzawo wa onse awiri, dokotala Benjamin Rush wa ku Philadelphia, amene anakhala akunyengerera uku ndi uku. Kuyambira 1812 mpaka 1826 analemberana makalata 158, ambiri mwa iwo ochokera kwa Adams, yemwe sankatopa kulemba. Onse anamwalira pa 4 July 1826.

Apa m'pamene pali phindu limene buku silingapereke. M'timagulu totere mumakhala anthu amene amavotera zipani zosiyana, ena mwa iwo anasiya kulankhula zandale ndi achibale awo enieni. Mukawapatsa nkhani ya chisankho cha chaka chino, mkangano umabuka mphindi zisanu zisanathe. Mukawapatsa kalata ya Jefferson ya pa 28 October 1813, yonena kuti dziko liyenera kutsogoleredwa ndi anthu a luso ndi khalidwe osati obadwira m'chuma, pamodzi ndi mayankho a Adams okayikira ngati chuma, kukongola ndi dzina la banja zingalephere kupambana, amatsutsana za nkhani yomweyo koma kudzera mwa anthu amene anafa kalekale. Palibe amene akuteteza nkhope yake. Munthu amatha kunena kuti "apa Adams akunena zoona" pamene sakanavomera mawu omwewo atachokera kwa amene wakhala naye moyang'anizana. Ubwenzi wa m'timaguluti umamera pamenepo, ndipo umafika pa kutengana pa galimoto popita ku chipatala ndi kuyenderana pa maliro. Kalata yachipepeso imene Jefferson analembera Adams pa 13 November 1818, Abigail, mkazi wa Adams, atamwalira, isungeni ya kumapeto. M'kagulu ka anthu achikulire simulephera kukhala wamasiye, ndipo tsiku limenelo wotsogolera asathamangire kudzaza chete ndi mafunso.

Kachitidwe kake n'kotere. Anthu 8 mpaka 12 ndi okwanira. Akachepera 6, awiri akajomba msonkhano wafa. Akapitirira 14, olankhula amakhala atatu okhaokha. Kumanani kawiri pa mwezi, ola limodzi ndi theka. Pa msonkhano umodzi musapitirire makalata atatu, kapena masamba 10 mpaka 12 osindikizidwa, ndipo nthawi zonse tengani kalata pamodzi ndi yankho lake, chifukwa kalata yopanda yankho imasanduka ulaliki. Webusaitiyi imathandiza apa: pa tsamba la kalata pali malinki opita ku kalata yam'mbuyo ndi yotsatira ya anthu awiri omwewo. Sindikizani pa pepala, aliyense akhale ndi lake, ndipo lembani manambala pa ndime ndi cholembera musanachulukitse makope. Mukapanda kutero, mphindi zambiri zimathera pa "muli pati kodi?" Mafoni akhale m'matumba. Mphindi 15 zoyamba wina awerenge kalata mokweza, chifukwa ziganizo za nthawi imeneyo ndi zazitali ndipo zimamveka bwino m'khutu kuposa m'maso. Wotsogolera abwere ndi funso limodzi lokha limene iye mwini alibe yankho lake, ndipo aliyense woyankha aloze ndime imene akutsamira. Utsogoleri uzisinthana, apo ayi mphunzitsi wopuma amene ali m'kagulumo amasandutsa tebulo kukhala kalasi.

Lamulo la kalankhulidwe mungabwereke kwa Franklin. Mu 1727 anayambitsa kagulu kotchedwa Junto ku Philadelphia, ka amisiri ndi amalonda komwe kankakumana Lachisanu madzulo, ndipo pambuyo pake anaika kachindapusa kwa aliyense wolankhula motsimikiza mopambanitsa kapena wotsutsa mnzake mwachindunji. Mafunso amene ankafunsana pa misonkhano yawo alipo pa webusaitiyi, ndipo ndi abwino kuwerenga tsiku loyamba.

Tsopano zofooka zake, zomwe si zazing'ono. Founders Online ili ngati nkhokwe ya chimanga chosatonola: chakudya chilimo, koma ntchito yonse ndi yanu. Mulibe ndondomeko ya maphunziro, mulibe mafunso okambirana. Mukalemba liwu loti liberty m'bokosi lofufuzira mulandira zotsatira masauzande. Chepetsani posankha wolemba, wolandira ndi nyengo, kapena, chabwino koposa, bwerani mukudziwa kale tsiku la kalata imene mukufuna. Kalembedwe ka mawu kanasiyidwa mmene eni ake analembera, kotero liwu limodzi limapezeka m'masipelo angapo ndipo kufufuza kumaphonya ena. Kalata imodzi imathanso kuoneka kawiri, m'mapepala a wolemba ndi m'mapepala a wolandira, ndi mawu a m'munsi osiyana. Sankhani imodzi, mutumizire onse linki yomweyo. Zolemba zina zolembedwa kuti Early Access sizinakonzedwe mokwanira ndipo zilibe mawu a m'munsi, choncho kagulu katsopano kazipewe.

Nkhani 85 za The Federalist, zimene Hamilton, Madison ndi Jay analemba mu 1787 ndi 1788 pansi pa dzina loti Publius polimbikitsa anthu kuvomereza malamulo a 1787, zamwazikana malinga ndi wolemba aliyense. Ofuna kuziwerenga motsatana apite ku Avalon Project ya Yale Law School, komwenso kuli zimene Madison analemba tsiku ndi tsiku pa msonkhano wa ku Philadelphia umene unalemba malamulowo.

Chofooka chachikulu ndi anthu amene mulibemo. Otsutsa malamulo a 1787, monga amene ankadzitcha Brutus, sali m'gulu la asanu ndi awiriwa, ndiye kagulu kodalira webusaitiyi yokha kamamva mbali yopambana basi. Akazi, kupatula a banja la Adams, amangooneka apa ndi apo. Kalata ya Abigail ya pa 31 March 1776 yopempha mwamuna wake kuti malamulo atsopano akumbukire akazi, ndi yankho lachipongwe la John la pa 14 April, ndi msonkhano wathunthu paokha. Akapolo amapezeka kwambiri ngati mayina pa mndandanda wa katundu. Jefferson anakhala ndi akapolo oposa 600 m'moyo wake, ndipo kagulu kamene kamadumpha zimenezi pofuna kusunga mtendere kamataya anthu mwakachetechete, makamaka akuda, omwe amangosiya kubwera osanena chifukwa. Kagulu kamene kamazibweretsa tsiku loyamba, anthu asanadziwane, kamaswekanso. Ikani nkhaniyi pa msonkhano wachinayi kapena wachisanu, ndipo muilowere kudzera m'kalata ya Benjamin Banneker, munthu wakuda waufulu wa ku Maryland wodziwa masamu ndi nyenyezi, ya pa 19 August 1791. Iye anabwezera Jefferson mawu ake omwe oti anthu onse analengedwa ofanana, n'kumufunsa za akapolo amene ankasunga. Yankho la Jefferson la pa 30 August ndi lalifupi, laulemu, ndipo silikhudza funsolo. Ikani makalata awiriwa pambali ndi pambali, mufunse anthu kuti aloze chiganizo cha Banneker chimene chayankhidwa.

Chingerezi chake n'cholimba, ngakhale kwa obadwa nacho. Amene ali ku America ndipo akukonzekera mayeso a unzika asayambire pano. Kabuku ka mafunso ka boma n'kokwanira pa mayesowo. Koma kwa kagulu kamene kali ndi munthu mmodzi wololera kuthera maola awiri kapena atatu pa msonkhano uliwonse kusankha makalata, kuwasindikiza ndi kulemba manambala a ndime, palibe china chaulere chofanana nayo. Mukamaliza Adams ndi Jefferson, pitirizani ndi Jefferson ndi Madison: kalata ya Jefferson yochokera ku Paris ya pa 20 December 1787 yodandaula kuti malamulo atsopano alibe mndandanda wa ufulu wa anthu, yankho la Madison la pa 17 October 1788, kenako ya pa 6 September 1789 yonena kuti malamulo azitha mphamvu pakapita zaka 19, imene Madison anaikana mwaulemu pa 4 February 1790. Makalata anayi amenewa amakwana misonkhano iwiri.