Mnyamata wa ku Old Town amene sanathamangire kufomata

Ndili ndi shopu ya mbewu ndi feteleza ku Area 25. Mwana wa mchemwali wanga anandilembera ka script kokopera zonse zomwe tagulitsa pa tsiku kupita pa hard drive yapadera, n'kukaika mu Task Scheduler ya Windows kuti kazidziyendera kokha 5 koloko madzulo. Mu Novembala, alimi atayamba kulimbirana mbewu, ndinatsegula drive ija n'kupeza kuti fayilo yomaliza ndi ya mu Seputembala. Mtima unangoti phwii. Ngongole za makasitomala anga zonse zili mu laputopu imeneyi. Chodabwitsa, ndikakadina ndekha kankagwira bwinobwino.

Ndinanyamula laputopu kupita kwa mnyamata wina wokonza makompyuta ku Old Town, chakufupi ndi Malangalanga. Malo ake ndi opanikiza, mawaya ali mbwee, ndipo ndinadikira pa benchi pafupifupi ola lathunthu. Koma atangondifikira ndinaiwala zodikirazo.

Sanayambe ndi mawu amene ndinawazolowera aja, akuti tiifomate. Anandifunsa kaye: "Mayi, mu Seputembala munasintha chiyani?" Ndinati palibe. Mu Task Scheduler anayatsa History, yomwe imalemba zonse zochitika koma Windows imabwera itazima, n'kuyesa kuyendetsa ntchito yokopera ija. Panatuluka nambala, 0x8007052E. Iye anati imeneyi imatanthauza kuti pasiwedi yakanidwa. Pamenepo mpamene ndinakumbukira kuti wantchito wina atasiya ntchito ndinasintha pasiwedi. Ntchito yoikidwa pa "Run whether user is logged on or not", kutanthauza kuti iziyenda ngakhale munthu asanalowe mu kompyuta, imasunga pasiwedi yomwe inapatsidwa poyamba, ndiye kwa miyezi iwiri inkagogoda ndi kiyi yakale. Analowetsa yatsopano, nthawi yomweyo fayilo inagwera pa drive.

Ine ndinayamba kutsegula chikwama kuti ndilipire, iye n'kuti tidikire. Pa Conditions anandionetsa kabokosi kochongedwa kale, kouza kompyuta kuti isayambe ntchito ngati ili pa batire. "Kwanu magetsi akathima 5 koloko, mayi, bakapu palibenso." Zimenezi zinandikhudza, chifukwa miyezi yotentha ino nthawi zambiri timatseka shopu tili mu mdima, laputopu ikuyendera batire. Anachotsa chongacho, kenako pa Settings anachonga china choti nthawi ikapitirira kompyuta ili yozima, ntchitoyo iziyamba ikangoyatsidwa.

Chimene ndinamukondera kwambiri n'chakuti mbewa ya kompyuta anandipatsa ineyo kuti ndidine ndekha. Anandisonyeza pa Last Run Result n'kundiuza kuti ndikaona 0x0 ndiye kuti zayenda. Nambala imeneyo ndinailemba pa chikuto cha buku la ngongole.

Chodandaula chilipo chimodzi: foni sayankha msanga, ndipo Loweruka amatseka masana. Ngati mukumufuna, pitani m'mawa pakati pa sabata, mutatenga chaja komanso drive yanu. Ine drive ndinaiiwala, mpaka mtsikana wa ku shopu anachita kubwera nayo pa kabaza.