Mayeso a Magiredi a Nyimbo ku England: Ndalama Zimene Tinataya Tisanawamvetse

Makolo anzanga amene mukukonzekera kubweretsa ana kuno ku England, ndalemba izi chifukwa kwa zaka zitatu ine ndi mayi a kunyumba tinataya ndalama zimene timazipeza movutikira pa ntchito yosamalira okalamba ku Leeds, pa mayeso a nyimbo amene sitinkawamvetsa.

Mwana wathu wamkazi anayamba kuphunzira vayolini mu 2021, ali ndi zaka 9, pa kasukulu kena ka nyimbo ka munthu payekha. Mwini wake anatilonjeza kuti pakatha zaka zinayi mwanayo adzakhala atafika Giredi 8, ndiponso kuti satifiketi imeneyo idzamulowetsa ku yunivesite iliyonse. Tinkalipira mapaundi 22 pa mphindi 30 mlungu uliwonse, ndipo ndalama za teremu yonse tinkazipereka teremuyo isanayambe.

Chimene sanatiuze n'chakuti mayeso amenewa si amtundu umodzi. Mabungwe oyesa alipo angapo: ABRSM, imene inakhazikitsidwa mu 1889, Trinity College London, London College of Music, komanso Rockschool, imene imadziwika ndi gitala ndi ng'oma za nyimbo zamakono. Onsewa ali ndi magiredi kuyambira 1 mpaka 8, koma malamulo awo ndi osiyana. Ngakhale ku ABRSM komweko kuli njira ziwiri. Pa Practical Grade mwana amaonekera pamaso pa woyesa, n'kuimba nyimbo zitatu ndi masikelo (manotsi okwera ndi kutsika motsatana), kenaka amapatsidwa nyimbo imene sanaionepo kuti aiwerenge n'kuiimba pomwepo, ndipo pomaliza amayesedwa makutu, kutanthauza luso lake lozindikira zimene wamva woyesa akuimba. Pa Performance Grade, imene inayamba mu 2020, mwana amaimba nyimbo zinayi motsatizana, n'kujambulidwa vidiyo imodzi yosadukiza imene imatumizidwa pa intaneti. Njira yachiwiriyi ndi yovomerezeka ndithu ndipo ine sindikuinyoza, koma mulibe masikelo, mulibenso kuwerenga nyimbo yachilendo.

Mwini sukulu uja anadutsitsa mwana wathu pa vidiyo kuyambira Giredi 1 mpaka 4, akumuloweza nyimbo zinayi zokhazokha miyezi yonse, pamene ife anatiuza kuti akuphunzira zonse. Masatifiketi tinkawapachika pakhoma n'kutumiza zithunzi kwa abale ku Zomba. Nthawi iliyonse ankatilipiritsa ndalama imene ankaitcha ya mayeso, ndipo pa Giredi 4 inafika mapaundi 140. Patapita nthawi ndinaona mitengo yeniyeni pa webusaiti ya bungwe loyesa, ndipo ndinazindikira kuti ankaonjezerapo ndalama zambiri za m'thumba mwake popanda lisiti. Mpaka lero mtima umandiwawa ndikakumbukira maola a usiku amene mayi a kunyumba anagwira kuti ndalama zimenezo zipezeke.

Pa Giredi 5 ndinaumirira kuti mwana akaonekere pamaso pa woyesa. Kutatsala masiku atatu ndi pamene tinauzidwa kuti woimba vayolini amafunika kubwera ndi womuimbira piyano wakewake, chifukwa bungwe silipereka munthu ameneyo. Tinalipira mapaundi 60, kuphatikizaponso mapaundi 25 a kukonzekera naye kamodzi kokha. Pa mayeso a ABRSM amenewa malikisi onse ndi 150. Kuti mwana akhoze amafunika 100, merit imayambira pa 120, ndipo distinction pa 130. Mwana wathu anapeza 94. Nyimbo zitatu anaimba bwino, koma pa masikelo ndi pa kuwerenga nyimbo yachilendo anangoima, misozi ili m'maso. Mwana akalephera ndalama sizibwezedwa, ndipo mwini sukulu anati vuto linali mantha a mwanayo.

Amene anatitsegula m'maso ndi mayi wina wachikulire, mphunzitsi wopuma pa ntchito, amene amaimba limba ku tchalitchi kwathu. Atamumvetsera mwanayo, anatiuza mosabisa kuti khutu lake ndi labwino koma sadziwa kuwerenga manotsi, ndipo anakana kumulembetsa mayeso ena alionse kwa chaka chathunthu, ngakhale kuti akanapezapo ndalama. Iwo ndiwo anatidziwitsa kuti ku ABRSM mwana sangayesedwe Giredi 6, 7 kapena 8, kaya pa vidiyo kaya pamaso pa woyesa, asanakhoze Giredi 5 ya Music Theory (mayeso a malamulo a kalembedwe ka nyimbo) kapena mayeso ena ovomerezeka m'malo mwake, pamene ku Trinity lamulo limeneli kulibe. Anafotokozanso kuti ku Trinity malikisi ndi 100, kukhoza ndi 60, ndipo m'magiredi oyambirira mwana amatha kusankha mayeso awiri othandizira, monga kupeka nyimbo pomwepo. Anaonjeza kuti kholo likhoza kulembetsa lokha mwana pa intaneti, ndiponso kuti si lamulo kudutsa giredi iliyonse. Mwana wokonzeka akhoza kudumpha. Zonsezi anatiuza ulele, titakhala pa benchi mapemphero atatha.

Tsono inu amene mumati mwana wanu amatsogolera kwaya kumudzi, choncho akafika kuno adzangodutsa, ndimvereni. Sol-fa imene timaphunzira m'makwaya athu imanola khutu, ndipo pa mayeso a makutu imathandizadi, koma woyesa adzaika patsogolo pa mwanayo manotsi olembedwa pa mizere isanu. Lekaninso kulota kuti Giredi 8 ndi sikolashipu kapena viza. Magiredi 6 mpaka 8 okha ndi amene amapereka mapointi a UCAS, bungwe limene ophunzira amadzeramo pofunsira malo ku yunivesite, ndipo distinction ya Giredi 8 imapereka mapointi 30, pamene giredi A imodzi ya A level, mayeso omaliza a ku sekondale kuno, imapereka 48. Komanso mayunivesite ambiri sawerengera n'komwe mapointi otere. Amafuna magiredi a A level. Musanapereke ndalama kwa mphunzitsi aliyense, mufunseni dzina la bungwe, mtundu wa mayeso, ndi amene adzalipire woimba piyano, ndipo akakana kukulemberani mayankhowo, chokanipo.

Mwana wathu tsopano amaphunzira kwa mayi aja Loweruka lililonse m'mawa. Wabwerera ku mabuku a Giredi 3 kuti aphunzire kuwerenga, ndipo za mayeso tidzakambirana iwo akadzanena kuti wakonzeka.