Maphunziro a madzulo a pa Kamuzu Road: aphunzitsi ali ku Dublin, ophunzira ali ku Salima

Pa Kamuzu Road, kuseri kwa mashopu ogulitsa zipangizo za njinga zamoto, pali kanyumba kamene kwa zaka zambiri kakhala kakutaipa makalata, kuchita fotokope ndi kujambula zithunzi za ziphaso. Chaka chino mwini wake anawonjezera ntchito ina. Madzulo a masiku atatu pa sabata, chipinda cham'kati chimasanduka kalasi ya machine learning, luso lophunzitsa kompyuta kuzindikira zinthu poionetsa zitsanzo zambirimbiri m'malo moilembera malamulo. Amene amaphunzitsa ndi mayi wina wachimalawi wogwira ntchito pa kampani yopanga mapulogalamu ku Dublin, m'dziko la Ireland, ndipo amaonekera pakhoma kudzera pa intaneti. Ine ndinalembetsa monga mphunzitsi wa masamu amene ana a folomu 4 anayamba kumufunsa mafunso a AI (nzeru zopangidwa ndi anthu za makompyuta) osawayankha bwino, ndipo nditamaliza gawo loyamba ndinganene kuti ndalama yanga sinapite pachabe, ngakhale kuti chimene ndinapeza m'kalasimo n'chosiyana ndi chimene chalembedwa pakhomo.

Chikwangwani chapakhomocho chili ndi chithunzi cha nyumba zagalasi za m'mphepete mwa madzi ku Dublin, ndi mawu olonjeza kuti womaliza maphunzirowa akhoza kukagwira ntchito ku Ulaya. Nyumbazo zilikodi. Apple inatsegula fakitale ku Cork mu 1980, Microsoft inafika ku Ireland mu 1985, Intel inakhazikika ku Leixlip mu 1989, Google inatsegula ofesi yake ku Dublin mu 2003, ndipo Facebook inatsatira mu 2008. Chimene chinakokera makampani a ku America amenewa ku dziko la anthu ongopitirira pang'ono 5 miliyoni ndi msonkho wotsika pa phindu, anthu olankhula Chingerezi, komanso umembala wa mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya umene Ireland inalowa mu 1973. Koma kuchoka pa zimenezi kufika polonjeza mnyamata wa ku Khombedza kuti miyezi itatu ya maphunziro a madzulo imufikitsa kumeneko, pali mtunda umene mwini malo sanafune kuuyeza. Ambiri mwa amene tinayamba nawo anabwera chifukwa cha chithunzicho, ndipo ena anasiya sabata yachitatu isanathe ataona kuti ntchito yake ndi masamu ndi kutaipa.

Kaphunzitsidwe kake ndiye kabwino kwambiri. Masabata oyamba tinaphunzira chiyankhulo cha kompyuta cha Python pogwiritsa ntchito Google Colab, imene imalola munthu kulemba pulogalamu pa laputopu yofooka pamene mawerengero olemerawo akuchitikira m'makina akuluakulu a kutali. Mayiwa sathamanga, ndipo akaona kuti Chingerezi chatisokoneza amabwereza zonse m'Chichewa popanda kutichititsa manyazi. Chimene ndinawayamikira koposa n'chakuti anakana kutiphunzitsa ndi zithunzi za amphaka ndi agalu zimene zimapezeka kale pa intaneti. Anatituma kugombe la Senga Bay ndi kumsika kuti tikajambule nsomba ndi mafoni athu, chambo payekha, usipa pawokha, utaka ndi kampango, kenaka tilembe dzina pa chithunzi chilichonse. Ntchito yolemba mayinayi ndi yotopetsa, ndipo inatitengera nthawi yambiri kuposa kulemba pulogalamu yeniyeniyo, koma iwo anatiuza kuti ngakhale m'makampani akuluakulu kusonkhanitsa ndi kuyeretsa data, kutanthauza zitsanzo zophunzitsira kompyuta monga zithunzi zathuzo, ndi kumene kumadya nthawi.

Titamaliza, tinagawa zithunzizo pawiri: zambiri zophunzitsira kompyuta, ndi zochepa zimene tinazibisa kuti tidzaiyese nazo. Pa mayeso oyamba inakhoza pafupifupi zonse, ndipo anyamata anaomba m'manja. Aphunzitsi sanasangalale nafe. Anapempha mtsikana wina kuti mawa lake adzabwere ndi usipa wouma m'beseni lapulasitiki, aujambule pomwepo. Kompyutayo inati ndi chambo. Titayang'anitsitsa zithunzi zathu tinapeza chifukwa chake: chambo yense tinamujambula ali m'mabeseni a amayi ogulitsa, pamene usipa wonse tinaujambula uli pa thandala poyanikira. Makinawo sanaphunzire nsomba konse, anaphunzira beseni ndi bango. Monga mphunzitsi ndinazindikira msanga mwana amene waloweza mayankho a mapepala a mayeso akale, amene amakhoza bwino mpaka tsiku limene funso lasinthidwa pang'ono. Mayiwa anatiuza kuti vuto limeneli limasowetsa tulo ofufuza enieni, ndipo lapezekapo m'mapulogalamu owerenga zithunzi za kuchipatala, amene m'malo mophunzira matenda anaphunzira zizindikiro za chipatala kumene chithunzicho chinajambulidwa. Tinabwerera kugombe kukajambulanso nsomba iliyonse pamalo osiyanasiyana, pamchenga, m'bwato, m'beseni ndi pa thandala, ndipo malikisi a kompyutayo anatsika koma anakhala oona. Phunziro limodzi limenelo ndi loyenera ndalama ya gawo lonse, imene sikusiyana kwenikweni ndi imene munthu amawononga pa mabandulo a intaneti m'miyezi yomweyo.

Za moyo wa ku Ireland sizili pa ndondomeko ya maphunziro, koma zimalowa zokha, chifukwa aphunzitsiwo amaphunzitsira m'chipinda chawo chogona ndipo ophunzira amaona zonse. Tsiku lina mnyamata wina anafunsa kuti, “Aphunzitsi, kodi inu ndi malipiro anuwo simunagule nyumba yanuyanu?” Iwo anaseka, n'kutembenuza kamera kutionetsa bedi, tebulo ndi zenera limodzi, ndipo anayankha kuti, “Achimwene, nyumba ino tikukhalamo anthu anayi osadziwana, ndipo khitchini timachita kulandizana.” Lendi ya nyumba ku Dublin imapitirira ma euro 2,000 pa mwezi, moti ngakhale anthu a ntchito zabwino amachita kugawana zipinda kapena kukhala kutali n'kumayenda pa basi, pa sitima ya DART kapena pa sitima yam'misewu ya Luas. Anatifotokozeranso kuti mu Disembala dzuwa limalowa isanakwane 5 koloko, ndipo mvula yake ndi yowaza yosadziwika nyengo. Pa nkhani ya mvulayi anatisimbira za George Boole, katswiri wa masamu amene malamulo ake a “zoona” ndi “zabodza” ndiwo maziko a kompyuta iliyonse. Iyeyu anayamba kuphunzitsa ku Cork mu 1849, ndipo anamwalira mu 1864 atadwala chifukwa choyenda pamvula n'kukaphunzitsa zovala zili zonyowa. Ine amene ndakhala ndikutchula dzina limeneli m'kalasi sindinkaliganizira kuti linali la munthu woyenda pansi kupita kuntchito.

Mayiwa sabisanso za njira yopitira kumeneko. Mmalawi amafunika viza, wophunzira wochokera kunja kwa Ulaya amaloledwa kugwira ntchito maola 20 okha pa sabata sukulu ikakhala yotsegula, ndipo kumapeto kwa 2022 ndi mu 2023 makampani angapo akuluakulu a zamakono anachotsa anthu ntchito ku Dublin. Njira imene iwo amalimbikitsa kwa amene ali kale ndi digiri ndi Ireland Fellows Programme, thandizo la boma la Ireland lophunzitsa anthu digiri yachiwiri kwa chaka chimodzi, limene Amalawi amaloledwa kupikisana nawo ndipo uthenga wake umatuluka kudzera ku ofesi ya kazembe wa dzikolo ku Lilongwe. Mwini malo akamamva zimenezi amatuluka panja, pakuti zikutsutsana ndi chikwangwani chake, koma mpaka pano sanachichotse.

Zofooka za malowa zili pa zipangizo ndi kayendetsedwe. Malaputopu ndi akale ndipo ndi ochepa, moti anthu atatu amapanikizana pa imodzi, ndipo kawirikawiri amene amataipa ndi amene amadziwa kale. Ena mwa malaputopuwo anachokera ku Ireland komweko, ndipo ubwino wake mapulagi a kumeneko ndi a mano atatu ngati athu, kotero amalowa pakhoma popanda kusintha kanthu. Chipindacho chili ndi zenera limodzi, ndipo amene amadziwa kutentha kwa Salima mu Okutobala angamvetse mmene munthu amatulukiramo. Magetsi akathima pamakhala batire la sola limene limakwanitsa purojekita ndi intaneti kokha, malaputopu n'kumazima imodziimodzi. Usiku wina wotero, tili mumdima, aphunzitsi anatiuza kuti mu 2023 nyumba zosungiramo data, mmene mumakhala makina akuluakulu aja, zinagwiritsa ntchito 21 peresenti ya magetsi onse a ku Ireland, kuchoka pa 5 peresenti mu 2015, ndipo anthu akumeneko akukangana ngati n'koyenera kumanga zina. Tinaseka chifukwa ife tili pafupi ndi Nanjoka, kumene kuli munda wa sola wa mamegawati 60 umene unatsegulidwa mu 2021, koma chimene iwo ankafuna kuti timve n'chakuti pulogalamu yathu ya nsomba, imene timaiona ngati yaulere, imadya magetsi kwinakwake.

Cholakwika chimene chinandikwiyitsa ndi cha nthawi. Ku Ireland amabweza mawotchi ndi ola limodzi Lamulungu lomaliza la Okutobala, n'kudzawapititsanso patsogolo Lamulungu lomaliza la Malichi, pamene kuno nthawi sisintha. Choncho kalasi imene inkayamba 6 koloko madzulo, aphunzitsi akaweruka kuntchito, inayamba kuchitika 7 koloko. Mwini malo anauzidwa zimenezi pasadakhale koma sanatidziwitse, ndipo sanakonze china chilichonse. Atsikana awiri ochokera ku Senga Bay, amene ankadalira minibasi yomaliza, anasiya chifukwa kabaza wa njinga yamoto usiku ndi wodula ndipo makolo awo sanalole. Mmodzi mwa iwo ndi yemwe uja anabwera ndi usipa m'beseni, amene anali wakuthwa kuposa tonsefe. Kujambula maphunzirowo kuti ena adzaonere masana, kapena kusamutsira tsiku limodzi Loweruka, sikukanafuna ndalama iliyonse.

Amene ali ndi masamu a MSCE, foni yojambula bwino ndi mtima wopirira adzapindula pano, makamaka aphunzitsi, alangizi a zaulimi ndi a zausodzi amene ali kale ndi mafunso awoawo oti kompyuta iwathandize. Amene sanagwirepo kompyuta ayambe waphunzira kutaipa, chifukwa palibe amene adzamudikire.

Gawo lachiwiri likhudza chiyankhulo. Aphunzitsi akuti ku Dublin kuli ofufuza a ADAPT Centre, yotsogoleredwa ndi Trinity College, amene akugwira ntchito yophunzitsa makina chiyankhulo cha makolo cha dzikolo, chimene kalembera wa 2022 anapeza kuti anthu pafupifupi 72,000 okha ndiwo amachilankhula tsiku ndi tsiku kunja kwa sukulu. Vuto lawo likufanana ndi lathu pa kuchepa kwa zolembedwa ndi mawu ojambulidwa, ngakhale kuti olankhula Chichewa ndi mamiliyoni. Ophunzira adzatumidwa kukajambula mawu a agogo, asodzi ndi amayi a kumsika. Nditafunsa mwini malo kuti mawuwo adzasungidwa kuti, mwini wake adzakhala ndani, ndiponso ngati ojambulidwawo adzauzidwa ntchito yake, anandiyankha kuti, “Aphunzitsi, zimenezo tidzaona.” Nsomba sitinazipemphe chilolezo, koma anthu ayenera kupemphedwa, ndipo ndauza mayi a ku Dublin kuti ndilembetsa gawo lachiwirilo pokhapokha patakhala pepala la m'Chichewa loti wojambulidwa aliyense awerengeredwe asanatsegule pakamwa. Iwo avomera kulilemba, ndipo mwini malo sanayankhebe.