Mpira wa ligi yaing'ono cha ku Namwera: masewero ndi okoma, koma nthawi sakuisunga

Munthu wa pa boma la Mangochi amene anazolowera kuonera mpira pa Mangochi Stadium, kapena m'nyumba zoonetsera masewero a ku Ulaya pa kanema, angachite bwino tsiku lina kuwoloka Shire n'kukaona matimu a ligi yaing'ono akulimbana kumtunda cha ku Namwera. Bwalo limene ndikunena pano ndi la pasukulu ina ya pulayimale, ndipo komiti ya timu ya m'deralo ndiyo imakonza zonse ndi kulipiritsa pachipata. Mpira wa pamenepo ndi woyenera ndalama imene munthu amapereka, koma momwe komitiyo imasamalira mlendo wochokera kutali pakuperewera zambiri.

Ulendo umayambira podikira minibasi kuti idzaze, ndipo Loweruka masana kudikirako kumatha kutalika, chifukwa anthu ambiri a kumtunda amakhala asanamalize kugula zinthu mumsika. Wokwera asakhulupirire oitanira akamati galimoto yatsala pang'ono kunyamuka. Ikanyamuka imadutsa pa nsanja ya wotchi ya Queen Victoria, yomwe inamangidwa mu 1903 tauniyi ikutchedwa Fort Johnston, n'kuwoloka mlatho wa Bakili Muluzi, kenako imatsata msewu wa M3 wopita ku chipata cha Chiponde m'malire a Mozambique. Pokwera phiri msewu ndi wokhotakhota kwambiri, ndipo minibasi yodzaza anthu ndi madengu a usipa imayenda mokwawa, koma wokhala pawindo amaona chigwa cha Shire ndi nyanja ya Malombe kumunsi, ndipo kutentha kwa pa boma kumayamba kuchepa. Kwa munthu amene wathawa dzuwa la mwezi wa Okutobala m'mphepete mwa nyanja, mphepo ya kumtundako payokha ndi phindu.

Potsika pamsika wa kumtundako palibe chikwangwani chilichonse cholozera kubwalo, ngakhale kapepala komata pamtengo kotchula matimu amene akusewera. Amene amadziwa njira ndi anyamata a kabaza, ndipo mmodzi wa iwo anandiuza kuti, "Kwerani achimwene, sipatali, koma wapansi mukafika zitatha." Zitatha sizinali zoona, monga ndifotokozere, koma mtunda unalipo ndithu, ndipo mtengo wake unali wabwino.

Pachipata pamakhala madala awiri a komiti okhala pabenchi ya sukulu. Ndalama yolowera ndi yochepa, yosafika mtengo wa mbale ya nsima ya chambo pa boma, koma sapereka tikiti. Amangokulemba chizindikiro cha inki padzanja. Mpanda ndi wa udzu ndi matumba mbali ya kumsewu yokha, moti ana ndi akuluakulu omwe amalowera kumunda wa chinangwa osalipira kanthu, ndipo wolipira amaoneka ngati wachita zachifundo chabe. Bwalolo ndi lopendekekera kumbali imodzi, udzu uli m'mphepete mokha, pakati ndi pa magolo pali dothi lofiira louma. Mizere anaijambula ndi phulusa ndipo inali yowongoka bwino, magolo ndi achitsulo, maukonde ngosokedwa ndi ulusi wa makoka a asodzi. Mpando palibe kupatula mabenchi ochepa a mafumu ndi akuluakulu a matimu, ndipo mthunzi uli pansi pa mitengo ya mango ya kumadzulo, komwe ofika msanga amalanda.

Mpira wokha ndiwo unandikhutiritsa. Anyamata amenewa sakhala ndi nthawi yopatsirana mpira kumbuyo monga timaonera kwa Bullets, Wanderers kapena Silver Strikers, chifukwa pa dothi lotere mpira umadumpha mosadziwika ndipo wotchinga kumbuyo akachedwa nawo wagulitsa timu. Choncho amaumenya mwachangu kupita kutsogolo, osewera a m'mbali amathamanga mpaka fumbi kuti koboo, ndipo magoloboyi amadziponya pa nthaka youma popanda mantha. Timu yolowera kumunsi m'chigawo choyamba imayesetsa kugoletsa msanga podziwa kuti pobwera kopumulira idzakwera chitunda, ndipo zimenezi zimapangitsa masewero kukhala ndi nkhope ziwiri zosiyana. Ochemerera amaimba m'Chiyao ndi m'Chichewa mosinthana, ng'oma zikulira, ndipo mlendo samufunsa kuti ndi wa timu iti.

Vuto ndi lakuti palibe chingwe chotchingira anthu. Mpira ukayandikira golo, khamu limasefukira mkati mwa mzere, wothandizira oyimbira masewero amasowa pothamanga, ndipo chigoli chikalowa bwalo lonse limadzaza anthu mpaka papite mphindi zingapo kuti masewero ayambirenso. Woyimbira anayesetsa ndipo sindinaone kukondera, koma munthu mmodzi wokhala ndi wezulo sangabweze anthu mazanamazana. Chingwe ndi zikhomo sizodula, ndipo komiti imene ikutolera ndalama pachipata ilibe chifukwa chokhalira opanda zimenezi.

Chachikulu koposa ndi nthawi. Masewero ankayenera kuyamba cha m'ma 3 koloko, koma timu ya alendo inafika mochedwa pa lole, osewera n'kuvalira yunifolomu m'kalasi, ndipo panalibe wa komiti ngakhale mmodzi amene anauza anthu chimene chikuchitika. Mphindi 90 za mpira, kuphatikiza 15 zopumulira ndi zonse zotayika pothamangitsa anthu m'bwalo, zinatifikitsa dzuwa litalowa. Kwa eni dera zimenezi si kanthu, chifukwa kwawo ndi kuseri kwa sukulu. Kwa wobwerera ku boma ndi nkhani ina, popeza minibasi zotsika phiri zimasowa kukangoyamba mdima, ndipo otsala ndi a njinga zamoto amene amakweza mtengo ataona kuti munthu alibe kolowera. Kutsika makona a phiri lija usiku pa njinga yamoto, wopanda chipewa choteteza mutu, sindingalimbikitse wina aliyense.

Zakudya zilipo zokwanira: mandasi, zitumbuwa, chinangwa chokazinga pa chiwaya, nzimbe ndi thobwa, zonse pamtengo wa kumudzi. Mowa sindinauone ukugulitsidwa pabwalo, ndipo mwina n'chifukwa chake mikangano ya ochemerera inkathera pakamwa. Zimbudzi za sukulu zinali zokhoma, ndipo amayi amene anabwera ndi ana ndiwo anavutika nazo kwambiri.

Amene akufuna kupitako apangane ndi anzake abwereke galimoto yawoyawo yowadikira mpaka masewero atatha, atenge madzi akumwa, ndipo afike msanga kuti apeze malo pansi pa mango. Wopita yekha pa minibasi akonzekere kutuluka m'bwalo chigawo chachiwiri chili pakati, ngakhale matimu atakhala kuti akufanana zigoli.